Babu la kwa Nasibeko

"Ndani wayatsa? Ndikufunsa, ndaaani wayatsa ine osandiuza?"

A Mkwapatira amenewo. Mawu ngati akutulukira mu mgolo wopanda madzi. Mimba patsogolo, mutu m'mbuyo, mwendo wamanzere ukubwera mochedwa ngati anachita kubwereka kwa mnansi: di, khwee, di, khwee. Pakhosi kiyi ali lendee pa chingwe cha nsapato. Ukawaona akudula bwalo choncho unkadziwa kuti wina walakwa, ndipo kawirikawiri wolakwayo anali mlongo wanga Esinala, mkazi wawo wamng'ono.

Alamu angawa chaka china fodya anawayanja, ndiye anagula sola. Osati zazikulu ayi. Chigalasi chimodzi padenga, batire limodzi, mababu awiri, ndi kakanema kongokwana pa mpando wa ndalema. Koma kayendedwe kake! Mukanati agula Nkula yense ndi madzi ake omwe.

Anamanga kanyumba pakati pa nyumba za akazi awo awiri n'kukatcha ofesi. M'menemo munali batire, kanema, ndi kabokosi ka buluu kokhomera pakhoma, kontorola, kamene kamaonetsa nambala ya moto wotsala m'batire. Kabokosi kameneko ndiye kanali mkazi wawo wachitatu, ndipo ndi yekhayo amene sanamutukwanepo. M'mawa asanasukusule, ku ofesi. Dzuwa likamalowa, ku ofesi. Amawerama, diso limodzi tsinzii, n'kulemba nambalayo pakhoma ndi khala.

"Thwelofu poyinti seveni. Wakhuta mwana wanga."

Kukacha: "Thwelofu poyinti folo. Wagona bwino mwana wanga."

Khoma lonse linada bii ndi manambala, mizere mizere ngati munda wa nyerere.

Pansi pa kabokosiko panali maswichi awiri, ina ya kwa Nasibeko, mkazi wamkulu, ina ya kwa Esinala. Lamulo la pakhomopo linali lakuti moto umatsata mwamuna. Chigono chinali masiku awiri uku, awiri uko, ndiye kumene agona bambo ndi kumene babu liyake. Kwinako koloboyi, palafini akasowa ndiye mdima. Mudzi wonse wa kuseri kwa Kampepuza unkadziwa kumene agona a Mkwapatira, ngakhale wongodutsa pamsewu. Ife pamalo panga pootchera kanyenya tinkangosuzumira madzulo n'kunena kuti, "Eya, lero shifiti ndi ya akulu."

Kenako Nasibeko anadwala. Miyendo inatupa ngati mitondo, kupuma kwa befu. Babu la kwa Esinala linayamba kuyaka masiku atatu, kenako sabata, kenako mwezi wathunthu, mpaka miyezi itatu. Kwa Nasibeko kuli bii. Ukawafunsa alamu, amakweza chibwano.

"Odwala kuwala kumawapweteka maso. Inu munaphunzira za chipatala?"

Mu Julaye, masiku a mitambo ndi kamvula kowaza kaja, Nasibeko anamwalira. Tinadzidzimuka m'mawa ndi kulira kwa a Mkwapatira, kulira kwake komveka mpaka kudambo. Titathamangira tinapeza babu la kwa Nasibeko likuyaka ngwee, dzuwa litatuluka kale.

"Wandisiya m'manja mwangamu! Ndachezera naye usiku wonse, nyali ili chiyakire, ndikumumwetsa madzi ndi supuni! Mayo mkazi wa unyamata wanga!"

Anthu anagwedeza mitu, ati koma bambo uyu ndi wachikondi. Koma amayi amene anasambitsa maliro anapeza chotupa pamphumi, chonga dzira la nkhanga, chong'ambika pakati. Sanafunse. Anthu akwathu safunsa, amangonong'ona. Pofika kumanda nkhani inali itapsa kale: Nasibeko waponyedwa hamala ya afiti. Ndipo pa mitala simuchita kufunsa kuti hamala waponya ndani.

Maliro atatha alamu anazula babu la m'nyumba ya malemu, n'kukhoma chitseko chake chobiriwira ndi loko, kudikira tsiku lometa pamene mchimwene wa malemuyo, a Lufeyo, adzabwere kuchokera ku Bilira. Panapita masiku awiri kuli zii. M'mawa wa tsiku lachitatu ndiye kunamveka kufuula kuja.

"Ndani wayatsa? Ileveni poyinti eyiti! Mwana wanga mwamuyamwa magazi!"

Esinala anati kwake kunazima nthawi yomweyo imene bambo anazimitsa, nanga kiyi wa ofesi si amagona pakhosi pawo? Anamuyankha ndi chala m'diso. Mawa lake chimodzimodzi, 11.8. Kenako masiku awiri batire linagona bwino, alamu n'kumati aha, wakuba wachita mantha. Tsiku lotsatira 11.8.

Anaunyamula ulendo wa ku Balaka, batire pa keriyala, kukalipimitsa. Wopimayo anati batire ili ndi lamoyo kuposa mwini wake. Anakwera padenga n'kupukuta chigalasi ndi malaya awo a kutchalitchi. Anafukula bwalo lonse kufunafuna waya wakuba, mpaka pakhomo panaoneka ngati pagona nguluwe makumi awiri. Sanapeze kanthu. Pomaliza anatenga pulayala n'kudula waya wa kwa Nasibeko, n'kudulanso wa kwa Esinala, kanema n'kumutsekera m'katoni. Batire linatsala lokha ngati mfumu yopanda anthu. Kutacha, 11.8.

Apa ndi pamene anandiitana. Ndinawapeza ataonda ndi khosi lomwe, kiyi akugunda pa mafupa.

"Alamu, inu mumadziwa za mawaya?"

"Ine ndimadziwa waya wootchera mbuzi. Mwina batire lanu lili ndi njoka za m'mimba, ligulireni mankhwala."

Sanaseke. Anandikoka mkono mpaka pakhomo pa Nasibeko n'kuloza pansi. Pakhonde, pafupi ndi chitseko chokhoma chija, panali tigulugufe takufa ndi tizilombo tija timazungulira nyali, mulu wokwana kudzaza chipewa. Pakhoma analimata asanu ali phee, mimba zili tololo, onse mitu ataloza pamng'alu wa pamwamba pa chitseko. Inu mukudziwa, nalimata sadikira pamdima.

"Ndasesa dzulo," anatero alamu. "Ndasesa ndekha."

Ndinasuzumira pamng'alupo. M'kati munali mphasa yopinda, kabotolo ka mankhwala pawindo, ndi waya uja ali lende kudenga wopanda babu. Koma mpweya umene unkatuluka pamng'alupo unali wofunda, ngati m'nyumba imene mwagona munthu. Ndinabwerera m'mbuyo msanga.

"Ndi mlongo wanu," alamu ananong'ona. "Zimene anachita zija zikumutsata. Ine mfiti pakhomo panga ayi."

Mawu amenewo sanathere m'khutu mwanga mokha. Pofika Loweruka, Esinala akafika pa mjigo amayi ankachotsa zidebe zawo n'kuima patali, ati tungani kaye inuyo, ife sitikufulumira. Mandasi ake ankabwerera onse m'beseni. Ana akamuona ankabisala kuseri kwa nkhokwe. Alamu analengeza kuti tsiku lometa likadzafika, nkhani ikambidwe pamaso pa a Lufeyo, Esinala alongedze. Kulongedza si kanthu, akazi amabwerera kwawo tsiku ndi tsiku. Koma kubwerera ndi dzina la ufiti, ngakhale kwanu komwe amakupatsa kapu yakoyako.

Tsiku lina m'mamawa ndikukoleza moto pa kanyenya, panaima bambo wina wachilendo wokankha njinga ya makala, matumba atatu, thukuta lili kamukamu. Anapempha madzi.

"Mudzi wanu uno ndi wa anthu abwino," anatero atamwa. "Tcheni chinandidukira pamtunda apo kusanache. Ndikanalumikiza bwanji popanda nyali ya panyumba ija? Mundithokozereko kwa mayiwo."

"Nyumba iti, achimwene?"

"Ya chitseko chobiriwira. Anali ataima pakhomo. Ndinapereka moni koma sanayankhe, amangoyang'ana kanyumba kakang'ono ka pakati kaja."

"Nkhope yawo yotani?"

"Kuwala kunali kumbuyo kwawo, nkhope sindinaione. Koma anaima ngati munthu amene miyendo ikumupweteka."

Anakankha njinga yake n'kumapita. Nyama ya tsiku limenelo inapserera yonse ine ndili chiimire.

Madzulo ndinapita kwa Esinala. Ndinamupeza atakhala pamdima, manja ali pamiyendo.

"Achimwene, inu mumapita ku ofesi kuja. Khoma lija munaliwerengapo?"

"Manambala ndi ine tinasiyana kalekale, ndipo tinasiyana mwamtendere."

"Simukusowa sukulu. Werengani masiku okha. Awiri latha, awiri lagona bwino. Awiri latha, awiri lagona bwino." Anatsitsa mawu. "Ine chigono ndimachiwerengabe, thupi linazolowera. Masiku amene batire likutha ndi a akulu. Salumpha ngakhale limodzi, ndipo langa sakhudza."

Ndinasendera pafupi naye.

"Nanga bwanji osanena?"

"Ndinene chiyani? Kuti miyezi itatu bambo sanaponde kwa akulu? Kuti usiku umene uja anagona kuno? Adzati ndinawadyetsa mankhwala kuti aiwale mkazi mnzanga. Kulikonse ndingalowere, mfiti ndine. Ndipo anandiuza kuti ndikadzatsegula pakamwa adzanditseka ndi pulayala yomwe ija."

Tsono apa pali kanthu kena kamene ndakhala ndikukazungulira ngati galu pa mphika wotentha. Madzulo a tsiku limene Nasibeko anamwalira kunali mpira wa ku Ulaya pa kanema, ndipo ine ndinali mu ofesi muja pamodzi ndi amuna ena asanu. Dzuwa linali lisanaoneke masiku atatu, ndiye alamu ankangodzuka kukasuzumira kabokosi, kubwerera, kudzukanso. Mpira uli pakati, kunja kunamveka mawu, ang'onoang'ono, okoka, akuitana alamu ndi mfunda wawo.

"AMbewe... tayatsaniko pang'ono chabe."

Tonse tinamva. Ndipo ine, mwana wa mayi anga, ndinatsina mphuno, n'kupinda msana, n'kubwereza: "AMbeweee, tayatsaniko pang'ono chabeee." Anthu anagwa nacho chiseko, wina mpaka anatayira mowa pa nsapato za mnzake. Alamu anaseka n'kukweza mawu a kanema. Mpira utatha ndinapita kwathu. M'mawa nditamva za supuni ndi nyali yochezera, ndinadziuza kuti mwina anapitadi ife titachoka. Amuna asanu aja nawonso anadziuza chomwecho. Tikakumana panjira tinkakamba za mitengo ya feteleza.

Tsiku lometa linafika kumapeto kwa Ogasiti, dzuwa lili phwee, kumwamba kopanda ngakhale kamtambo. A Lufeyo ndi telala, munthu wowonda, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Atatha zometa tinakhala pabwalo kutsogolo kwa ofesi, iwo mbali iyi, ine mbali iyo ngati nkhoswe ya Esinala, anthu atazungulira mpaka kumpanda. Mlongo wanga anakhala pansi payekha, malo omuzungulira ali mbee ngati pali nyerere zoluma.

Alamu anatsegula ofesi ndi manja awiri, chitseko n'kuchisiya pululu kuti aliyense aone khoma.

"Ine sindilankhula zam'mutu. Ndili ndi umboni. Nambala sinama! Chimwalirire mkazi wanga, moto ukutha wokha, mawaya onse odula. Ndani amayendetsa moto popanda waya? Si ameneyu? Ndiye ndati atenge zake azipita, akayatse kwawo."

A Lufeyo anaimirira n'kulowa mu ofesi. Anayenda ndi chala pakhoma pang'onopang'ono, monga amayezera nsalu. Anafika pansi, n'kubwereranso pamwamba.

"Alamu, chigono pakhomo pano chinali masiku angati?"

"Awiri awiri. Nanga zikukhudzana bwanji?"

"Mayi," anatembenukira kwa Esinala, "lero likanakhala la ndani?"

Esinala anayang'ana pansi. "La akulu."

Pomwepo kabokosi kanalira. Tii. Tii. Tii.

Masana, anthu inu, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene batire limakhala likumwa mpaka kutayikira. Alamu anathamangira m'kati, mwendo wobwereka uja tsiku limenelo unafika poyamba. Ife amene tinali pafupi ndi chitseko tinaona nambala ikutsika ngati munthu akutsika makwerero mosamala: 12.9, 12.6, 12.3. Mawaya odula aja ali lende pakhoma, osakhudza kanthu. Kunyumba ya chitseko chobiriwira kunamveka kaphokoso kamodzi kokha, tha, ngati chala chadina swichi. Amayi amene anakhala chakumeneko anasamuka chokwawa. Panalibe amene anatembenuka kuti ayang'ane.

A Lufeyo okha ndi amene sanagwedezeke. Anatuluka n'kuima patsogolo panga.

"Achimwene, ndamva kuti inu simusowa pano pakakhala mpira. Mlongo wanga usiku wake womaliza munamuonako?"

Ndinayang'ana amuna asanu aja. Wina ankamanga chingwe cha nsapato, chonsecho anavala patapata. Ndinati ndiponye kanthabwala kuti mphepo idutse, ndinene kuti ine pa mpira sindiona ngakhale mkazi wanga. Ndinatsegula pakamwa.

"AMbewe... tayatsaniko pang'ono chabe."

Sindinatsine mphuno. Sindinapinde msana. Ine ndatsanzira anthu moyo wanga wonse, abusa, apolisi, apongozi anga, ndipo nthawi zonse pamatsala kanga pang'ono kuti anthu aseke. Apa panalibe kanga. Panali befu uja, ndi kakhosi kouma kaja. Mayi wina anakuwa. Ndinafuna kutseka pakamwa koma nsagwada sizinali zanga, ndipo panatuluka mawu ena amene ine sindinawamvepo chibadwire.

"Inuyo khalani komweko, sindikukuitanani. Ndingoona pamene pali botolo. AMbewe... chitseko sindikuchipeza."

Kenako zinandisiya. Ndinapezeka ndagwada, malovu akutsika pachibwano, pakhosi pakuwawa ngati ndameza khala lamoto. Bwalo lonse linali zii. Kabokosi kokha: tii, tii, tii.

A Mkwapatira anatuluka mu ofesi atagwira chimango cha chitseko. Mimba ija sinalinso patsogolo. Anatsetsereka n'kukhala pansi pafumbi, miyendo tambalale ngati mwana.

"Ileveni poyinti eyiti," anatero, osauza munthu aliyense.

"Alamu," a Lufeyo anafunsa mofatsa momwe muja, "mlongo wanga anafera m'manja mwa ndani?"

Alamu anayang'ana Esinala, anayang'ana ine, anayang'ana chitseko chobiriwira. Mawu a mu mgolo aja anali atatha, kunatsala kamawu kopyapyala.

"Hamala kulibe. Esinala sanachite kanthu, ndinachita kumuopseza kuti akhale chete. Anthuwa atapita malemu anaitananso kawiri, ine ndinamva, ndinakagona. M'mawa ndinamupeza pansi kuseri kwa chitseko, mutu uli pa mwala wotsekera, atazizira kale. Ndinamunyamula n'kumugoneka pamphasa, ndinapukuta magazi, ndinathamanga kudzayatsa swichi, kenako ndi pamene ndinayamba kulira." Analoza kabokosi. "Babu lake ndi la mawatsi atatu. Atatu okha, a Lufeyo. Poitana koyamba paja ndinadzuka, ndinapita pa kabokosi, chala ndinachiika pa swichi. Ndinawerenga nambala, ndinaona kuti ndikamuyatsira mpira sufika kumapeto. Ndiye sindinayatse."